Tsiku Limene Violeti Anandiimira kwa Leba

Amayi anga, kumene muliko kukucha bwanji masiku ano? Ndine Elube, mwana wanu woyamba. Mwezi uno zakwana zaka ziwiri chitigonekereni m'manda. Ayi, ndalakwitsa, ndife tinakugonekani inu, koma masiku ena zimakhala ngati ndi ife tinakwiriridwa. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu kuno ku Ligowe, ndang'amba mapepala m'kope la mdzukulu wanu Rute, ndipo ndati lero ndikuuzeni zonse, zabwino ndi zondichititsa manyazi zomwe.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa Yohane, mwana wanu wamwamuna uja, anachira mu Meyi pachipatala chathu chomwechi. Mwanayo ndi wamkazi, wonenepa bwino, ndipo amutcha Esitere, dzina lanu. Akamalira amakwinya pamphumi ndendende mmene munkachitira inu mukaona mbale zosatsuka. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chikuyamba kumene kumasula, ndiye feteleza tinangothira kamodzi. Koma nandolo wachita maluwa mosangalatsa, ndipo manachesi anu awiri a kuseri kwa bafa abereka mpaka nthambi ina yathyoka. Mbuzi yanu yamawanga inaswa tiwiri, kena kanadyedwa ndi agalu. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo. Amalume a Fanuelo anati abwera kudzafolera Loweruka, koma sananene kuti Loweruka lake liti. Mlongo wanu mumamudziwa nokha.

Mwina mukudabwa kuti ndikutani kumudzi pakati pa sabata, poti munandisiya ndili pa ntchito ku Lisungwi. Ntchito ija inatha, Amayi. Nkhani yake ndi imene yandikhazika pansi.

Mukukumbuka kuti ndinayamba pa hosale ya a Jailosi ili kachipinda kamodzi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikutsitsa mabelo a shuga pagalimoto, kupima mafuta ophikira m'mabotolo, kuyeza nandolo pasikelo, kusesa m'mawa ndi madzulo. Shopu inakula ndikuona, mpaka anagumula khoma n'kuwonjezera sitolo kumbuyo. Pamaliro anu a Jailosi anabwera ndi thumba la ufa ndi shuga, anthu anawaombera m'manja, ine ndinanyada kuti ndili ndi bwana wamtima.

Zotsatira za mayeso a Violeti zitatuluka, anakhoza, koma anangokhala pakhomo pano miyezi ingapo akulira inu. Ndine ndinapita kwa a Jailosi kukamupemphera malo. Ndinagwada, Amayi. Ndinati mng'ono wanga ndi wamasiye, ngakhale yosesa yomweyo mupatseni. Iwo atamva kuti ali ndi setifiketi ya folomu folo anamukhazika pakauntala. Mwezi usanathe anali ndi mpando wake, kakyuleta wake, ndi fani yomuuzira mphepo, inu mukudziwa mmene kumatenthera ku Lisungwi. Kenako anamugulira foni yoti azilandirira ndalama za makasitomala. Ine ndinali pomwe paja, nsalu m'chiuno, thukuta kamukamu, mwana amene ndinamubereka kumsana akundiitana kuti, "Achemwali, makatoni awiri a sopo kwa bambo awa."

Sankanena mwachipongwe, ndisamunamizire. Koma nthawi iliyonse akatero ndinkamva mawu anu. Paja munkakonda kuuza alendo mukuseka kuti, "Elube ndi manja anga, Violeti ndi mutu wanga." Alendo ankaseka, inenso ndinkaseka. Simunandifunsepo ngati ndinkafuna kukhala manja. Ndinasiyira sukulu sitandade sikisi atamwalira abambo, kuti ndizitsala ndi Violeti inu mukanyamula kachewere kupita naye kumsika. Masamu ndinali kuwatha, Amayi. Aphunzitsi anabwera pakhomo pano kawiri kudzandifunsa, inu munawapatsa nthochi n'kuwaperekeza. Ndipo fizi ya Violeti ya ku sekondale inkachokera m'mabelo a shuga omwe aja.

Vuto linayamba mu Novembala. Mwezi utatha a Jailosi anati galimoto yawonongekera ku Zalewa, ndalama zonse zapita kwa makaniko, malipiro anga ndidikire pang'ono. Ndinadikira. Mu Disembala anati bizinesi yavuta, anthu sakugula. Mwezi womwewo anagulira mwana wawo njinga yamoto yatsopano, ndipo ndine ndinkaipukuta fumbi. Januwale anangoti, "Amake Rute, kodi ine ndingathawe? Tikhala pansi." Sitinakhalepo pansi.

Chimene chinandidya kwambiri si njala ayi. Ine ndi Violeti tinkachita lendi nyumba imodzi kuseri kwa msika. Tsiku lomaliza la mwezi foni yake inkalira kuti ndalama zalowa. Iye ankafulumira kuivundikira pamphasa kuti ndisamve, koma ndinali nditamva kale. Malipiro ake sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa bwana sangasewere ndi munthu amene akumugwirira ndalama. Wosewera naye ndi uyu wonyamula katundu, amene alibe koti n'kupita. Violeti anayamba kulipira lendi yekha, ndiwo kugula yekha. Anagula nsapato zakuda zogogoda, anakamangitsa tsitsi. Tsiku lina anandipatira ndalama m'manja kuti, "Achemwali, kagulireni mafuta odzola, miyendo yatuwa." Ndinazisiya pawindo masiku anayi mpaka anazitenga yekha.

Ndiye teremu yachiwiri Rute anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ali folomu wani tsopano, wakupitirirani msinkhu. Bambo ake chipitireni ku Joni sanaimbeko foni, zimenezo munazisiya zili choncho ndipo sizinasinthe. Mwana anakhala pakhomo sabata ziwiri, ine ndikusowa pogwira. Tsiku lina ndikuweruka ndinamupeza akusita yunifolomu, akuimba. Violeti anali atakalipira mwakabisira. Rute anandiuza nkhope ili ngwee kuti, "Amayi aang'ono ndiye amandimvetsa." Ndinafunika kuthokoza Mulungu. M'malo mwake ndinapita kubafa n'kukalira molumira nsalu kuti asandimve. Mwana wanga yemwe, Amayi.

Musaganize kuti ndinangokhala chete kwa a Jailosi. Inu munkandiuza kuti, "Elube, ukamameza mawu umatupa nkhope, lankhula." Ndinalankhula. Koyamba ndinawatsatira m'sitolo, anandiyankha akuwerenga makatoni osandiyang'ana. Kachiwiri ndinapita kunyumba kwawo Lamulungu titaweruka kutchalitchi, akazi awo anati akupuma, chonsecho ndikuwamva akuseka pafoni m'katimo. Kachitatu ndinalemba kalata. Ndinalemba ndekha, sindinafune kupempha Violeti. Ndinatchula miyezi yonse, ndinatchula za Rute, ndinamaliza mwaulemu. Anailandira n'kuiika m'thumba la shati.

Patapita masiku atatu ndikusesa m'mawa ndinaipeza pansi pa sikelo, yapondedwapondedwa, kumbuyo kwake atalembapo mitengo ya mchere. Ndinasesa kalata yanga yomwe ndi tsache langa lomwe. Violeti anaona. Titafika kunyumba anati, "Achemwali, mukanandiuza ndikanakulemberani bwinobwino."

"Bwinobwino? Ndiye kuti yangayi ndi ya mbuli eti?"

"Ayi, sindikutanthauza choncho."

Apa ndi pamene ndinachimwa, Amayi. Ndinamufunsa kuti, "Kodi iweyo umawapatsa chiyani a Jailosi kuti zako zizibwera pa tsiku?" Ndinkadziwa kuti palibe chilichonse. Ndinangofuna kuti naye amve kuwawa. Anandiyang'ana, kenako anatenga ndowa n'kupita kumjigo ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba. Sabata ziwiri sitinalankhulane. Kuntchito akafuna katundu ankangoloza ndi cholembera.

Marichi atatha inakwana miyezi isanu. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene ankapikula ufa ndi mafuta kwa ife, anandikokera pambali n'kundiuza kuti ku boma kuli ofesi ya leba, yoona za anthu apantchito, ndipo kudandaula kumeneko salipiritsa. Ndinagulitsa nkhuku ziwiri kuti ndipeze ya njinga yamoto. Msewu unali matope okhaokha, kawiri konse ndinatsika n'kuyenda pansi pazitunda. Ndinafika ndili ngati ndachokera kudimba. Ndinaima panja pa ofesi nthawi yaitali, ndikuopa kuti andilankhula Chingerezi.

Ndinapezamo mayi wamagalasi, wamsinkhu wanga womwewu. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Chiyambire Novembala anali munthu woyamba kutero. Anandifunsa ngati ndili ndi kalata yondilembera ntchito. Ndinati ayi, tinangogwirizana pakamwa. Anafunsa ngati pali pamene ndinkasayina polandira malipiro. Ndinati pali buku lakuda lachikuto cholimba, koma amasunga ndi kalaliki. Sindinanene kuti kalalikiyo ndi mng'ono wanga. Anandilembera kalata yoitana a Jailosi, n'kutchula tsiku.

Nditawapatsa anaiwerenga ataimirira pakhomo la shopu, makasitomala ali pomwepo. Anaseka. "Amake Rute, mwakula mtima eti? Ine ndinakutolani mulibe ndi sopo yemwe. Musapondenso pano mpaka tikaonane kumeneko." Violeti anali pampando wake, maso ali pakakyuleta, sanadzutse mutu.

Tsiku lija ndinalawira, ndinafika ofesi asanatsegule. Cha m'ma naini galimoto ya a Jailosi inaima. Kutsogolo kunatsika Violeti, atavala nsapato zogogoda zija, atanyamula chikwama cha bwana wake. Ndinati basi, wabwera kudzandimaliza, ndipo mwina ndi zondiyenera ndi pakamwa panga paja. Sitinapatsane moni.

M'kati muja a Jailosi analankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo. Anati, "Mayi awa si wantchito wanga. Amangobwera kudzacheza ndi mng'ono wawoyu. Pakakhala katundu wambiri ndimawapatsa ganyu, n'kuwalipira tsiku lomwelo. Ndimachita zachifundo poti ndi amasiye. Funsani kalaliki wangayu, ndabwera naye dala."

Zaka zisanu ndi ziwiri, Amayi, kudzacheza.

Mayi wamagalasi uja anatembenukira kwa Violeti. "Chemwali, ndi zoona zimenezi?"

Violeti anatsegula chikwama, pansi pa mapepala anasolola buku lakuda lija n'kuliika patebulo. Anati, "Achemwali anga anayamba ntchito ine ndili sitandade seveni. Dzina lawo lili m'menemu mwezi ndi mwezi, asayina okha, kulekeza Okutobala. Kuyambira Novembala mulibe dzina lawo. Bwana ndi amene anandiuza kuti ndizidumpha mzere wawo."

A Jailosi anaimirira. "Iwe! Si ndinati buku limenelo ulisiye kushopu?"

Anazindikira mochedwa kuti anena zimenezo pamaso pa ndani. Mayi uja anangovula magalasi, n'kuwauza kuti akhale pansi. Sipanatenge nthawi. A Jailosi anavomera kuti andilipira katatu, anasayina, inenso ndinasayina. Potuluka analanda chikwama ndi foni ija m'manja mwa Violeti, analiza galimoto n'kumusiya ataima pafumbi, pa boma pomwepo. Ndalama imene ndinali nayo inali ya njinga imodzi. Tinakwera tonse awiri, iye kumbuyo kwanga, atandigwira m'chiuno njira yonse yotsetsereka ija. Ndinkamva mutu wake uli pamsana panga. Mawu oti zikomo anafika pakamwa kangapo, koma sanatuluke.

M'mawa mwake Violeti anakapeza mtsikana wina atakhala kale pampando wake. Lendi sitikanaikwanitsa, ndiye tinamanga katundu n'kubwerera kuno. Ndalama zija a Jailosi alipira kawiri, kwatsala komaliza, ndipo mayi wa ku leba anati akachedwetsa ndikawauze. Fizi ya Rute ya teremu ino ndalipira ndekha, ndi dzanja langa, ndipo lisiti ndinaliika patebulo poti aliyense alione.

Mwina mukuti nkhani yatha bwino. Koma ndinalonjeza kuti ndikuuzani ndi zochititsa manyazi zomwe. Mbiri inatitsogolera kufika kumudzi kuno. Lamulungu loyamba amayi a kutchalitchi anamuzungulira Violeti, kumugwira manja, ati mwana wa a Esitere wataya ntchito chifukwa cha choonadi. Amalume a Fanuelo anapha tambala, amene sanaphepo ngakhale tsiku lobadwa mdzukulu wanu. Ati mtsikana ameneyu ali ndi mtima wa mayi ake. Ine ndinali pomwepo, ndikusosola tambalayo. Palibe anatchula kuti ndine ndinakhala miyezi isanu osalandira kanthu. Palibe anatchula kuti ndinakwera phiri lija ndekha m'matope, n'kulowa mu ofesi ya boma ndi sitandade sikisi yanga. Mlandu unali wanga, njala inali yanga, koma ulemu wapita kwa iye. Sabata yatha kunabwera uthenga kuti mwini shopu ina ku boma akumufuna, wamva kuti ndi wokhulupirika. Ine palibe wandifuna. Ndafika pomuchitira nsanje ngakhale pa kuchotsedwa ntchito kwake. Munthu wotani ine, Amayi?

Dzulo masana tinali kuthyola manachesi oti Yohane akagulitse, Violeti pamwamba ine pansi ndikulandira. Mwadzidzidzi anasiya kuthyola. Anati, "Achemwali, mukudziwa kuti ine ndimakuchitirani nsanje?"

Ndinaseka kuseka kowawa. "Nsanje ya chiyani? Ya zikhatho zong'alukazi?"

"Inu munali nawo amayi kuchipatala ku Lisungwi. Munkawasambitsa, munkawamwetsa phala, munawatseka maso. Ine ndinali m'kalasi kulemba mayeso, ndinangobwera kudzaona bokosi." Kenako anafunsa motsitsa mawu. "Anandikwiyira eti, kuti sindinabwere? Sanasiye mawu alionse a ine?"

Ndinawerama n'kumatola manachesi amene ndinali nditatola kale. Ndinati, "Anali atafooka, sankalankhula."

Anangoti, "Oo," n'kupitiriza kuthyola. Ndinaona akupukuta m'maso ndi phewa.

Amayi, inu ndi ine tikudziwa kuti ndinanama. Lachinayi lija masana, kutatsala tsiku limodzi kuti mutisiye, munandigwira pamkono mwamphamvu moti ndinadabwa kuti mphamvuzo mwazitenga kuti. Munati, "Ukamuuze Violeti kuti ndine ndaletsa kuti amuitane. Alembe mayeso ake mtima uli pansi. Sindinakwiye naye ngakhale pang'ono, ndipo ndikupita ndikumunyadira." Munandibwerezetsa kawiri kuti ndisaiwale. Ine ndinayembekeza kuti tsopano munena anga. Ndinasendera pafupi. Munangoti, "Kweza pilo, Elube, khosi likuwawa." Ndinakweza. Ndi mawu omaliza amene munandilankhula.

Ndiye mawu a Violeti aja ndinawasunga. Pamaliro ndinati ndimuuza akatonthola. Atatonthola ndinati ndimuuza zotsatira zikatuluka. Kenako anakhala pampando uja ndi fani yake, ine n'kuti ali nazo kale zambiri, izi zokha zikhale kwa ine. Zaka ziwiri mwana wanu wakhala akuganiza kuti munapita muli ndi mangawa naye. Ndipo ndi mtima wolemera umenewo anasolola buku lija m'chikwama, kundiimira ine amene ndinamutukwana.

Sindileka kukufunsani kuti bwanji ine simunandisiyire mawu. Mwina munaona kuti amene ali pambali panu safunika kuuzidwa. Mwina munangotopa. Yankho sindilipeza, ndipo nsanjeyi sindikulonjezani kuti itha mawa, chifukwa ndakula nayo. Koma ichi chokha ndikulonjeza. Mawa m'mawa tikupita awiri kudimba kukathirira mpiru. Tikakafika ndikamukhazika pansi, ndikamuuza mawu anu onse mmene munawanenera, osachotsapo ngakhale limodzi, ndipo ndikamuuzanso kuti ndinawabisa dala. Akafuna kundikalipira akandikalipire. Akafuna kupita ku boma kuja osanditsanzika, apite, ndimunyamulira chikwama mpaka pamsewu.

Muwapatse moni abambo. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale pamene ndikukudandaulani chonchi.

Ndine mwana wanu,
Elube